MWANA AYAMBE SUKULU M'CINENERO CIMENE AMVA

Abale ndi alongo a m'makomboni,

Ife amene tinagwirako nchito ku migodi tidziwa kuti pophulitsa miyala, kapitao acenjeza anthu m'cinenero cimene onse amva, cifukwa wosamva afera pomwepo. Ngakhale Azungu a nthawi ya atsamunda anali kukamba Cikabanga kuti amveke. Nanga n'cifukwa ninji kamwana ka Giredi 1 tikaphunzitsa masamu m'Cingelezi, cimene sikanamvepo kunyumba?

Nkhaniyi ndi yakale. M'caka ca 1927 boma la atsamunda linasankha Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi kuti zigwire nchito m'masukulu. Titalandira ufulu mu 1964, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingelezi kuyambira Giredi 1, poganiza kuti cidzamanga mitundu yathu pamodzi. Mu 2014 zinenero zathu zinabwerera m'makalasi kucokera Giredi 1 kufika Giredi 4. Koma silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 inabwezanso Cingelezi kutsogolo. Ana athu asanduka mpira wongokankhidwa uku ndi uku.

Taonani cimene cicitika m'kalasi. Mwana asenza akatundu awiri nthawi imodzi: mau acilendo ndi phunziro lenileni. Mtsikana amene abweza cenji bwino-bwino pa tebulo la amai ake ku msika akhala duu, mphunzitsi akafunsa masamu omwewo m'Cingelezi. Aloweza pamtima, aimba pamodzi ndi anzake, koma tanthauzo alibe. Mwana wa ku Kabulonga amva Cingelezi pa cakudya. Wa ku Kanyama akumana naco pa bolodi. Tsono mayeso apima nyumba imene mwana acokera, osati nzeru zake. Makolo athu anakana kugula nyama pa zenera pamene Azungu anali kulowera pa khomo. Kodi ife tilole ana athu kulandira maphunziro pa zenera?

Ena ati popanda Cingelezi nchito kulibe. Inde, ndipo ticifuna. Ciphunzitsidwe tsiku ndi tsiku monga phunziro, mwana acizolowere, pambuyo pake cidzanyamule maphunziro ena. Wodziwa kale kuwerenga m'cinenero cake saphunziranso kuwerenga kaciwiri; angoonjeza mau atsopano. Ena ati zinenero zathu zibala tsankho. Pitani ku Matero madzulo: ana a Atonga, Alozi ndi Ansenga asewera pamodzi m'Cinyanja. Ku Kitwe asewera m'Cibemba. Ndewu ya mitundu muiona kuti?

M'mera mpoyamba. Cotero tisakhale cete. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tiimirire, tifunse ahedi kuti ana aphunzira m'cinenero citi. Tifune mabuku olembedwa m'mau amene ana akamba m'komboni. Makhansala ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo akabwera kudzapempha mavoti, ayambe ayankha funso ili.

Kwaca! Ngwee!