Thupi lalikulu palokha silibweretsa lamba

Anyamata oonera nkhonya m'mavidiyo sho a ku Senga Bay amakonda kunena kuti pa zimphona zolemera makilogalamu oposa 100, amene wayamba kulasa chibwano cha mnzake ndiye wapambana. Ine ndikukana. Mbiri ya Alistair Overeem wa ku Netherlands ikundiikira umboni.

Overeem anatenga lamba wa Strikeforce mu 2007 pa MMA, masewera ololeza zibakera, mateche, mawondo ndi kugwetsana. Mu Disembala 2010 anagonjetsa Peter Aerts ku Tokyo n'kukhala katswiri wa K-1, mpikisano waukulu wa kickboxing. Chaka chotsatira anapinda Brock Lesnar ndi mawondo ndi theche la m'mimba m'ndime yoyamba. Koma lamba wa UFC, bungwe lalikulu la MMA, sanamugwirepo mpaka anachoka m'bungweli mu 2021. Chinavuta n'chiyani?

Choyamba ndi magolovesi. A kickboxing ndi aakulu, olemera pafupifupi maaunsi 10, pomwe a MMA ndi maaunsi 4 okha ndipo zala zimakhala pamtunda. Pa kickboxing Overeem ankangokweza manja n'kubisa nkhope kuseri kwa magolovesi, zibakera za mdani n'kumathera pomwepo, kenako iye n'kubweza. M'khola la MMA chishango chimenecho chili ndi mipata. Chibakera chimadutsa pakati, chimazungulira kukhutu kapena kuchokera pansi, monga chija Francis Ngannou wa ku Cameroon anamukomola nacho mu Disembala 2017.

Chachiwiri ndi malamulo. Ukagwa pa kickboxing, woimbira amaimitsa mdani wako n'kuyamba kuwerenga, iwe n'kupeza mpata woti mutu ubwerere m'malo. Pa MMA palibe kuwerenga. Mdani amakutsatira pansi pomwepo n'kumalizitsa. Mu 2016 ku Cleveland, Overeem anagwetsa Stipe Miocic ndi chibakera, koma Miocic anadzuka, n'kumugwetsa, n'kumukhalira pamwamba mpaka nkhondo inatha ndime yoyamba isanathe.

Chachitatu ndi mpweya. Ndime ya kickboxing ndi mphindi 3, ya MMA ndi mphindi 5, ndipo polimbirana lamba zimakhala ndime 5. Minofu yambiri imadya mpweya wambiri. Mu 2013 Overeem anatsogola ndime ziwiri pomenyana ndi Antonio Silva, yachitatu anachita befu n'kukomoledwa. Apa n'kuti atangomaliza chiletso cha miyezi 9 atapezeka ndi testosterone wopitirira muyezo m'thupi. Amene amanyengeka ndi mankhwala okuza minofu amve zimenezo.

Ngannou naye anaphunzira movutikira. Mnyamata amene anakula akukumba mchenga kwawo ku Batié ankadalira chibakera chokha. Mu Januwale 2018 Miocic anamugwetsa mobwerezabwereza kwa mphindi 25, Ngannou akupuma ngati msodzi amene wapalasa bwato molimbana ndi mwera. Anabwerera kukaphunzira kukana kugwetsedwa ndi kusunga mphamvu. Mu Malichi 2021 anakomola Miocic m'ndime yachiwiri n'kutenga lamba. Mu Januwale 2022, bondo lili lovulala, anagonjetsa Ciryl Gane, katswiri wa mateche, pomugwetsa pansi ndi kumupanikiza, luso lomwe lija linamugonjetsa iye kale. Overeem naye anasintha kamenyedwe atakula, n'kuyamba kuyendayenda ndi kumenyera patali, koma chibwano chinali chitalandira kale zambiri.

Kuno kunyanja matupi amphamvu sasowa. Alovi okoka chilimira usiku wonse ali ndi misana ndi mikono yoti mphunzitsi aliyense angaisirire, ndipo pafupi pomwepa pali MAFCO, kumene asilikali amasulidwa. Malawi watulutsa kale wankhonya Isaac Chilemba, amene anamaliza ndime 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016 chifukwa chodziwa kuzinda ndi kusunga mpweya.

Tsono mnyamata wofuna masewerawa asayambire kunyamula zitsulo kuti chifuwa chitukuke. Ayambe kuthamanga pamchenga, aphunzire kugwa ndi kudzuka mdani ali pamwamba pake, azolowere kusuntha mutu m'malo moubisa. Ndipo aphunzitsi musalole ana kumenyana pagombe popanda zoteteza mano ndi munthu wodziwa kuimitsa nkhondo. Ubongo ukavulala sabwezeretsa.