Childe Dundão: wamfupi amene wagwedeza Africa, koma ulendo wake ukathera kuti?

Ukangotchula basketball pa Mdeka, yankho limabwera lomwelomwelo: "Aaa, amenewo ndi masewera a zimphona, ife tisiyeni tizimenya chikopa." Amene amayankhula chonchi mwina sanamvepo za Childe Dundão wa ku Angola.

Mu Ogasiti 2025 Angola inachititsa mpikisano wa AfroBasket, womwe tinganene kuti ndi AFCON ya basketball. Pa fainolo ku Luanda, eni bwalo anakwapula Mali 70-43 n'kutenga chikhochi kachi 12, patadutsa zaka 12 chitengereni komaliza mu 2013. Itakwana nthawi yotchula katswiri wa mpikisano wonse, MVP, sanaitane chimphona cha mamita awiri ayi. Anaitana Dundão, mnyamata wobadwa mu 1998, wa msinkhu pafupifupi mamita 1.67. Tadziyezani pa chitseko. Anyamata ambiri a kabaza pa Lirangwe ndi ofanana naye, ena amachita kumuposa.

Kwa amene masewerawa simuwatsata, Dundão amasewera malo otchedwa point guard. Iye ndi amene amanyamula mpira kuchokera kumbuyo, ndipo ayenera kuwoloka nawo mzere wapakati masekondi 8 asanathe. Timu yonse ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye, ndiye amene amasankha kuti mpira upite kwa ndani, liti, ndi iyeyo. Mukaphatikiza nambala 6 ndi nambala 10 wa mpira wa miyendo kukhala munthu mmodzi, mwayandikira. Apa kufupika kumamugwirira ntchito. Amadunditsa mpira cha pansi kwambiri moti wamtali kuti aulande ayenera kuwerama, ndipo akamawerama uja wadutsa kale. Akakhala kuti mpira uli ndi adani, amawakakamira ngati nkhupakupa kuyambira kumbuyo kwawo komwe.

Koma tisanamizane, kufupika kuli ndi mtengo wake. Ring ili pa mamita 3.05 kwa aliyense, ilibe chisoni. Makochi ochenjera amamusaka dala: amakonza sewero loti asinthane malo mpaka Dundão apezeke akutchinga munthu womuposa ndi masentimita 30, kenako ujayo amangoponya pamwamba pa mutu wake. Kuti mphunzitsi amusiye m'bwalo, ayenera kubweza ngongole imeneyi ndi mapointi, mapasi komanso mipira yolanda, gemu iliyonse. Wamtali akhoza kukhala ndi tsiku loipa n'kumathandizabe timu pongoima pansi pa ring. Wamfupi mwayi umenewo alibe.

Dzina lake walipangira ku Petro de Luanda. Timuyi yakhala ikusewera mu Basketball Africa League, ligi imene NBA ndi FIBA anaiyambitsa mu 2021. Mu 2022 Petro inagonja pa fainolo ndi US Monastir ya ku Tunisia, mu 2024 inatenga chikho ku Kigali, ndipo mu 2025 inafikanso pa fainolo ku Pretoria koma inathidzimulidwa ndi Al Ahli Tripoli. Mwa njira, MVP wa ligi chaka chimenecho analinso guard, Jean Jacques Boissy wa ku Senegal. Dundão anasewerakonso World Cup ya 2023 ku Manila ndi timu ya dziko lake.

Tsono funso lomwe anthu amakonda pa Facebook: apita ku NBA? Ine ndikuti ayi, ndipo sikumuderera. N'zoona Muggsy Bogues wa mamita 1.60 anasewera kumeneko zaka 14, koma anayamba mu 1987, nthawi imene masewera anali ena. Masiku ano matimu a NBA amafuna guard wamtali woti akhoza kutchinga malo atatu. Taonani Yuki Kawamura wa ku Japan, wa mamita 1.73, katswiri weniweni kwawo: ku Memphis Grizzlies anangopeza kontrakiti yoyendera uku ndi uku, pakati pa timu yaikulu ndi ligi yaing'ono ya G League. Dundão ndi wofupikirapo, komanso ndi wamkulu msinkhu wa zaka. Guard wodalira liwiro akayandikira zaka 30, miyendo imayamba kukambirana naye.

Ku Europe n'kotheka, makamaka Portugal komwe chiyankhulo n'chimodzi. Komabe ndikanakhala m'bale wake ndikanamufunsa kuti akukasaka chiyani. Petro ili ndi kampani ya mafuta ya boma, Sonangol, kumbuyo kwake. Ali ndi malo ake otsimikizika, amasewera ligi ya Africa yonse yoonetsedwa pa TV, ndipo kwawo ndi mfumu. Kukakhala pa benchi kunja chifukwa chongofuna kuti anthu azinena kuti "ali ku Ulaya" kungakhale kudziponya yekha m'dzenje. Zimene zili patsogolo pake n'zooneka: World Cup ya 2027 ku Qatar, komwe Africa ili ndi malo asanu, ndi Olympics ya 2028 ku Los Angeles. Angola ikakachita bwino kumeneko, mtengo wake ukwera wokha.

Nanga ife a pa Mdeka zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa chowiringula chathu chakale chija chagwa. Vuto la mwana wa kuno si msinkhu. Vuto ndi simenti. Mpira wa miyendo umatheka pa fumbi ndi chikulunga cha majumbo, netball imangofuna mtengo ndi kachitsulo kozungulira, n'chifukwa chake pafupifupi sukulu iliyonse ya pulaimale ili nazo. Guard samapangika popanda pansi posalala podunditsira mpira tsiku ndi tsiku kuyambira ali wamng'ono. Mwana wa ku Chileka kapena Lirangwe wofuna masewerawa amayang'ana ku tauni, ku Blantyre Youth Centre, ndipo thiransipoti ya minibasi kupita ndi kubwera katatu pa sabata ndi kholo liti lingaikwanitse?

Chitseko chokha chilipo, ngakhale n'chopapatiza. Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe anaiyambitsa Griffin Kalua, inafika mu ndime ya Elite 16 ya Road to BAL ku Nairobi kumapeto kwa 2024, komwe kunalinso Matero Magic ya ku Lusaka. Sinadutse kupita mu ligi yeniyeni, koma anyamata a ku Malawi anaponda bwalo limodzi ndi matimu amene amalipira osewera awo mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwake ndi Angola n'koti kumeneko mwana waluso amakula m'manja mwa kalabu ya ndalama, pamene kuno timu imayenda ndi thumba la munthu mmodzi kapena awiri a mtima wabwino, ndipo osewera ambiri amadalira sukulu kapena ntchito ina.

Bwalo la basketball ndi mamita 28 mulitali, 15 mulifupi. Theka lake lokha, ndi ring imodzi, limakwana kusewerapo 3x3, yomwe inalowa mu Olympics ku Tokyo. Nkhani ya ndalama za CDF ikadzabweranso pa msonkhano wa ADC kuno, wina mwa inu achinyamata adzaimike dzanja afunse mtengo wa simenti ya mamita 15 kwa 11 pa sukulu imodzi yokha.