JAZI SIIMBIDWA NDI KUKULA KWA MAWU KOKHA

M'chaka cha 1959, pa chikondwerero cha zoimbaimba mumzinda wa Spoleto ku Italy, Louis Armstrong anadwala mwadzidzidzi. Amene anaimirira m'malo mwake kutsogolo kwa gulu lake anali Mayi Eileen Farrell, katswiri wa opera wa ku America, ndipo m'chaka cha 1960 anatulutsa chimbale cha nyimbo za blues ndi jazi. Nkhani imeneyi ikhoza kunyenga munthu kuti aliyense wophunzira maimbidwe a ku Ulaya angathe kuimba jazi tsiku lomwelo. Komatu mayiyu anali atayamba kale kuimba nyimbo zotchuka pa wailesi ya CBS m'zaka za m'ma 1940. Sanadzidzimukire jazi, anachita kuizolowera.

Woimba opera amaphunzitsidwa kudzaza nyumba yaikulu ndi mawu ake popanda chimkuzamawu, kuposa phokoso la zoimbira zambirimbiri. Pa chifukwa chimenechi amakoka zilembo za liwu, amanjenjemeretsa mawu kuyambira poyamba mpaka pothera, ndiponso amatsata manotsi monga anawalembera mpeki. Jazi inabadwira ku New Orleans, koma kaimbidwe kake kanakula pamodzi ndi chimkuzamawu, chimene chinalowa m'nyumba zojambulira nyimbo mu 1925. Chimkuzamawu chimamva ngakhale kunong'ona. Tsono woimba jazi amaimba ngati akulankhula ndi mnzake, amatsitsa nyimbo kuti ikhale pa mawu a pachifuwa, ndipo kunjenjemera amakusungira kumapeto kwa liwu.

Chovuta choposa zonse ndi kayendedwe ka nyimbo. Pa kugunda kunayi, jazi imalemera pa kachiwiri ndi kachinayi, osati pa koyamba ndi kachitatu monga anazolowerera ambiri. Billie Holiday analibe mawu aakulu, koma ankachedwera dala pang'ono kumbuyo kwa kugundako, ndipo m'kuchedwa kumeneko ndimo munali kukoma. Zimenezi sizilembeka m'manotsi, zimalowera m'khutu.

Palinso kupeka pomwepo. Mu 1926 Armstrong anatchukitsa scat, kuimba ndi timawu topanda tanthauzo ngati lipenga. Mu 1960 ku Berlin, Ella Fitzgerald anaiwala mawu a nyimbo ya Mack the Knife, napeka ake pamaso pa anthu, ndipo kuimba kumeneko kunam'patsa mphoto ya Grammy. Chimene pa opera chikadakhala manyazi, pa jazi chinasanduka ulemu.

Izi sizitanthauza kuti maphunziro a ku Ulaya ndi achabe. Kusunga mpweya, kusaphonya liwu ndi kusamala kukhosi ndi chuma chimene chimateteza woimba ku kusasa mawu. Renée Fleming ankaimba jazi ali pa sukulu yaukachenjede asanatchuke pa opera, ndipo mu 2005 anabwererako ndi chimbale cha Haunted Heart.

Nkhaniyi ikukhudzanso achinyamata ophunzira m'makwaya a m'matchalitchi ndi m'masukulu, amene anakulira pa do re mi koma mtima uli ku jazi. Aphunzitsi awo asawaletse poganiza kuti jazi iwononga mawu, ndiponso asawanamize kuti ndi nyimbo yopepuka. Awapatse zimbale za akatswiri kuti amvetsere mobwerezabwereza, atsanzire, kenaka apeze njira yawoyawo. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma wolowa m'dziwe lachilendo ayambe waphunzira kuya kwake.