Zinyalala za M'katikati mwa Blantyre: Ntchito Iyambire Pakhomo pa Sitolo

Aliyense woyenda mu Victoria Avenue kapena mumsika wa Limbe angaone kuti zinyalala za kumeneko n'zamitundu iwiri. Zina n'zowola: masamba, makoko a nthochi ndi tomato wophwanyika. Zina n'zoti zingagwirenso ntchito: mabotolo, zitini ndi makatoni. Vuto lagona pakuti zonsezi zimathiridwa m'bini imodzi, ndi kututidwa pamodzi kunka kudzala la ku Mzedi. Katoni ikanyowa ndi madzi a zowola, palibenso woigula. Zowola zikasakanizika ndi pulasitiki, sizipanganso manyowa abwino.

Malamulo alipo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Mu 2020 kunakhazikitsidwa tsiku losesa m'dziko lonse kamodzi pamwezi. Komatu msika umataya tsiku ndi tsiku, ndipo zosatutidwa zimatseka ngalande, zina n'kukokolokera mumtsinje wa Mudi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inationetsa kuopsa kwa uve.

Tsono khonsolo ichite zinthu ziwiri. Choyamba, mwini sitolo kapena lesitilanti asalandire laisensi popanda mabini awiri, ya zowola ndi ya zogulitsika. Chachiwiri, galimoto yotuta izifika pa ola lodziwika, malonda asanayambe, pakuti wamalonda sangasankhe zinyalala zimene sadziwa tsiku lozichotsa. Aphunzitsi nafenso tiyambe ndi mabini awiri kusukulu, popeza ophunzira athuwa ndiwo eni masitolo a mawa.