Galu wotola musamupereke kwa munthu wina aliyense

Alimi anzanga, m'malo ambiri ochitira malonda mumapezeka agalu osowa mwini. Ena amasiyidwa antchito a m'maesiteti akamabwerera kwawo fodya akatha, ena amatsala mwini wake akasamutsidwa pa ntchito. Anthu achifundo amawatola agalu otere n'kumawadyetsa, koma si onse amene angathe kuwasunga nthawi yaitali. Tsono amayamba kufunafuna wowatenga.

Maganizo anga ndi akuti galu wotere, makamaka wofatsa ndi wozolowera anthu, asaperekedwe kwa munthu woyamba kumupempha. Tiyenera kumusankhira khomo monga momwe timasankhira munthu womusungitsa mbuzi.

Pa ntchito yanga yoyendera alimi ndimamva ambiri akunena kuti galu wokonda anthu ndi wachabe chifukwa salusa. Ena amafika pomumana chakudya, kumumenya kapena kumudyetsa tsabola kuti akhale waukali. Uku ndi kulakwa. Ntchito ya galu pakhomo ndi kuuwa kuti mwini nyumba adzuke akuba kapena afisi akayandikira khola, ndiponso kupirikitsa anyani ndi apusi m'munda wa chimanga. Galu wokhuta ndi wokondedwa amagona pakhomo n'kugwira ntchito imeneyi. Wanjala amayendayenda m'mudzi, kuba mazira, kugwira nkhuku za eni ndi kukudanitsani ndi anzanu.

Musanamupereke, pitani naye kwa alangizi a ziweto kuti akalandire katemera wa chiwewe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu. Anthu 4 mwa 10 alionse ofa ndi matendawa ndi ana osakwana zaka 15. Akatswiri amati tikatemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chiwewe chimasiya kufala, ndipo ichi ndicho chinali cholinga cha bungwe la Mission Rabies pamene linayamba kutemera agalu mu mzinda wa Blantyre mu 2015. Kalata ya katemera ipite pamodzi ndi galuyo.

Popeza mbiri ya galu wotola sitiidziwa, womulandira auzidwe kuti azimuyang'anitsitsa kwa miyezi ingapo. Akayamba kutuluka dovu, kulusa mwadzidzidzi kapena kulephera kumeza, ammangirire ndipo adziwitse alangizi msanga. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Womupemphayo mufunseni mafunso awa: Kodi galuyu azidya chiyani m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikachepa? Kodi agalu amene munali nawo kale anatha bwanji? Nanga amayi a pakhomo avomera? Nthawi zambiri ndiwo amaphika nsima ya galu. Pitaninso mukaone nokha ngati pali mthunzi, madzi akumwa ndi pogona pouma. Madeya okha sakwanira. Pafunika kusakaniza ndi usipa kapena zotsala za ndiwo.

Ngati ndi wamkazi, kumbukirani kuti amatha kuswa kawiri pa chaka, ndipo bere lake limatenga masiku pafupifupi 63. Tiana tosowa wotisamala ndito timadzakhala agalu a pamsika mawa. Funsani za kumutseka kuti asaberekenso. Bungwe la LSPCA ku Lilongwe limathandiza pa ntchito yotere. Za mankhwala a nyongolotsi ndi nkhupakupa funsaninso alangizi, osangomuthira dibi wa ng'ombe mwachisawawa.

Ena anganene kuti zonsezi zachuluka pa nkhani ya galu chabe. Koma kupatsa n'kuika. Galu amene mwamupereka mosasamala adzabwerera m'njira zomwe ana anu amadutsa popita kusukulu, ali wanjala ndi wosatemera. Mukamupereka, papite sabata ziwiri mukamuone. Mukapeza akuwonda kapena akukhalira pa unyolo dzuwa lonse, musachite manyazi kumutenganso.