Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Ndifuna ndikambeko nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima chaka chonse chino. Ambiri a ife timayesa kuti misozi ya mwana wa sukulu imathera pa mayeso a Fomu 4, ndi kuti munthu akangolowa ku yunivesite ndiye kuti waoloka mitsinje yonse. Inenso ndinali kuganiza chomwecho kufikira tsiku limene ndinaona achemwali anga, munthu wa digiri yathunthu, atadzitsekera m'chipinda masiku atatu osafuna kudya kapena kulankhula ndi munthu.

Achemwaliwo anaphunzira sayansi ya zamoyo zaka zinayi, ndipo anakhoza bwino ndithu. Mtima wao unali pa udzudzu. Anafuna kudziwa chifukwa chake udzudzu wina suferanso mankhwala amene amanyika masikito athu. Tsono kuti munthu afufuze zinthu zotere ayenera kupitiriza maphunziro kufikira digiri yachiwiri, imene amaitcha Masters. Motero iwo analemba makalata ofunsira malo ku mayunivesite atatu a kutsidya kwa nyanja, ndipo bambo anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire mayeso a Chingerezi amene sukuluzo zimafuna. Patapita miyezi mayankho anayamba kufika pa foni, limodzilimodzi. Onse atatu anali olembedwa mwaulemu, ndipo onse atatu anali okana.

Pakhomo panagwa zii ngati pamaliro. Azakhali atamva anabwera m'mamawa nati, "Mwanayu amulodza, tiyeni naye kwa sing'anga." Amalume nawo anati, "Sukulu yakwana basi, apeze banja mwanayu." Anthu a m'mudzi, amene kale anali kuwaitana achemwali kuti "adokotala" mwanthabwala, anayamba kunong'onezana iwo akamadutsa pa chitsime. Koma mwa anthu onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa funso limene ine ndiliona kuti ndilo lalikulu: kodi anawakaniranji?

Anzanga okondedwa, maganizo anga ndi awa. Munthu amene wakanidwa malo a maphunziro alire ndithu, pakuti kukanidwa kumawawa, koma akapukuta misozi ayenera kufufuza chifukwa chimene amukanira. Nthenda zimasiyana ndipo mankhwala akenso amasiyana. Wodwala mutu samanga bandeji ku mwendo.

Poyamba tiyenera kumvetsa kuti kusankha ophunzira a digiri yachiwiri kapena yachitatu ya sayansi kusiyana kutali ndi mayeso athu ano. Pa mayeso a MSCE aliyense amene wakhoza amalandira satifiketi yake, angakhale okhozawo achuluke chotani. Koma wophunzira wofufuza za sayansi afunika mphunzitsi wamkulu womuyang'anira iye yekha, afunika malo m'labotale, afunika zipangizo ndi mankhwala a mtengo wapatali, ndiponso ndalama zoti adye ndi kugona chaka chimodzi kapena zingapo. Tiyerekeze kuti mphunzitsiyo ali ndi ndalama za ophunzira awiri okha, ndipo amene alemba makalata kuchokera m'maiko osiyanasiyana ndi makumi asanu. Angakhale onsewo akhale anzeru zobiriwira, 48 adzalandira kalata yokana. Osankhawo sanamuone munthuyo maso ndi maso. Aona mapepala okha: magiredi ake, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, ndi chikalata chimene iye walongosolamo zimene afuna kufufuza. Chimene akana ndi mapepalawo monga anaonekera tsiku limenelo pakati pa mapepala ena.

Tsono m'kuwerenga kwanga ndapeza kuti kukanidwa kuli mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse ndaupezera munthu wake wodziwika.

Mtundu woyamba ndiwo kukanidwa chifukwa munthuwe ukuperewera pena. M'chaka cha 1895 mnyamata wa zaka 16, dzina lake Albert Einstein, analemba mayeso olowera sukulu yapamwamba ya Polytechnic ku Zurich, m'dziko la Switzerland. Masamu ndi fizikisi anakhoza bwino kwambiri, koma maphunziro ena anamugwetsa, ndipo sanamutenge. Iye sanakangane nao. Anapita ku sukulu ya sekondale m'tauni ya Aarau, nakhalako chaka chimodzi kukonza zimene zinamuvuta, ndipo mu 1896 analowa pa sukulu yomwe ija inamukana. Mankhwala a kukanidwa kotere ndiwo kudzichepetsa ndi kukonza mphako imene yaoneka.

Mtundu wachiwiri ndiwo kukanidwa chifukwa cha lamulo lokondera. Mu 1948 mtsikana wina wa ku America, Vera Rubin, atatsiriza digiri yake yoyamba pa Vassar College, anafuna kukapitiriza maphunziro a nyenyezi ku Princeton. Sizinatheke, pakuti sukuluyo sinali kulandira akazi m'maphunziro amenewo, ndipo lamulolo linakhalapo kufikira 1975. Kodi iye akanakonza chiyani pamenepa? Akanawerenga usiku ndi usana, akanakhalabe mkazi. Choncho anapita ku Cornell kumene analandira digiri yachiwiri mu 1951, kenaka ku Georgetown kumene analandira yachitatu mu 1954. M'zaka za m'ma 1970, pogwira ntchito ndi Kent Ford, anaonetsa kuti nyenyezi za kumalekezero kwa milalang'amba zimayenda mofulumira ngati zimene zili chapakati, chinthu chimene chinatsimikizira akatswiri kuti kuthambo kuli zinthu zochuluka zolemera zimene maso ndi makina athu saziona. Lero pa phiri lina ku Chile pali nyumba yaikulu yoonera nyenyezi yotchedwa dzina lake, ndipo inatulutsa zithunzi zake zoyamba mu 2025. Mankhwala a kukanidwa kotere ndiwo kugogoda khomo lina, osadziimba mlandu umene si wako. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Mtundu wachitatu ndiwo kukanidwa chifukwa ndalama ndi malo zachepa, ndipo umenewu ndiwo umagwera ambiri a ife ana a alimi. Pano ndifuna muchere khutu, pakuti nkhaniyi ifika mpaka pa chipatala cha kwanu. Gertrude Elion anabadwira ku New York mu 1918. Ali ndi zaka 15 agogo ake aamuna anamwalira ndi khansa, ndipo iye anatsimikiza mtima kuphunzira za mankhwala. Anatsiriza digiri ya kemisitiri pa Hunter College mu 1937 ali ndi zaka 19 zokha, atakhoza mwapamwamba. Makolo ake analibe ndalama, pakuti inali nthawi imene chuma cha dziko lao chinali chitagwa. Anapempha thandizo la maphunziro ku sukulu 15, ndipo zonse 15 zinamukana.

Taonani zimene anachita pambuyo pake. Anaphunzitsa anamwino kwa miyezi yowerengeka. Analowa m'labotale ina monga wothandizira, poyamba osalandira ndi khobidi lomwe, kuti manja ake asaiwale ntchito. Atasunga tindalama analowa New York University, naphunzira uku akuphunzitsa ana a sekondale, ndipo analandira digiri yachiwiri mu 1941. Anagwirako ntchito yoyesa kuwawasa kwa zakudya za m'mabotolo pa kampani ina ya zakudya, ntchito imene ena akanainyoza, koma m'menemo anaphunzira kugwiritsa bwino zipangizo zoyesera. Mu 1944 analembedwa ntchito pa kampani ya mankhwala ya Burroughs Wellcome monga wothandizira George Hitchings. Digiri yachitatu anaiyamba madzulo akaweruka, koma atamuuza kuti asankhe pakati pa sukulu ndi ntchito, anasankha ntchito, ndipo digiriyo sanaitsirize. Komabe mu 1988 iye ndi Hitchings, pamodzi ndi James Black, analandira mphotho ya Nobel.

M'labotale yaoyo munatuluka mankhwala a khansa ya m'magazi imene inali kupha ana. Munatulukanso pyrimethamine, amene ndi amodzi mwa mankhwala awiri a mu Fansida. Dziko lathu la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga Fansida monga mankhwala oyamba a malungo, mu 1993, ndipo tinawagwiritsa chomwecho kufikira 2007 pamene LA anabwera. Amayi oyembekezera akapita ku sikelo amalandirabe mapiritsi amenewa kuti adziteteze pamodzi ndi mwana ali m'mimba. Ndiye kuti ena a ife amene tikuwerenga tsamba lino tinabadwa amoyo ndi thandizo la ntchito ya mtsikana amene sukulu 15 zinamubweza. Iye akanamvera malangizo onga a amalume anga aja, kaya zikanatha bwanji. Mankhwala a kukanidwa kotere ndiwo kukhala pafupi ndi ntchito imene uikonda, angakhale polowera pake pakhale ponyozeka, kufikira mpata utapezeka.

Ndidziwa kuti wina adzati, "Iwe ukutiuza za anthu atatu otchuka a kutali, nanga zikwi zimene zinakanidwa ndi kuiwalika?" Mau amenewa ndi oona, ndipo sindiwatsutsa. Ambiri amene akanidwa sadzalandira mphotho ya Nobel, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati aliyense wolimbika adzatchuka. Palinso ena amene, ataganiza bwino, amaona kuti mtima wao suli pa kufufuza, nasankha uphunzitsi, ulimi kapena malonda. Pamenepo palibe manyazi, malinga munthu wasankha ndi maso otseguka, osati chifukwa choopa kusekedwa pa chitsime. Chimene nditengapo pa anthu atatu aja ndi zimene anachita mwezi wotsatira kukanidwa kwao, nthawi imene panalibe munthu wowadziwa. Wina anabwerera ku sekondale, wina analembera sukulu ina, wina anakatsuka mabotolo m'labotale. Zonsezi ndi zinthu zimene ine ndi inu tingathe kuchita.

Ndibwerere kwa achemwali anga. Tsiku lachinayi mayi anawalowera ndi phala, nakhala nao pamphasa osanena zambiri. Sabata itatha, aphunzitsi ao akale a ku yunivesite anawalangiza kuti alembere sukulu zitatu zija mwaulemu, kufunsa pamene panaperewera. Safunsa anadya phula. Sukulu ziwiri sizinayankhe konse. Koma mphunzitsi wina wa sukulu yachitatu anayankha ndi mau owerengeka, kuti magiredi ao anali abwino, koma chikalata cha zofufuza chinatambalala kwambiri, ngati munthu wofuna kulima dambo lonse ndi khasu limodzi. Anatinso anthu amene anasankhidwa anali atagwirako kale ntchito yofufuza, ndipo malo a ndalama anali ochepa. Choncho zinaoneka kuti kukanidwa kwao kunali kwa mtundu woyamba ndi wachitatu pamodzi, ndipo mfiti sinalowepo.

Lero achemwali akuphunzitsa sayansi pa sukulu ina yoyendera. Loweruka ndi pa tchuthi amatsagana ndi gulu la ofufuza za malungo, kutola mphutsi za udzudzu m'zithaphwi ndi kuziwerenga m'timabotolo, popanda malipiro ena koma ya basi ndi nkhomaliro. Chikalata chija anachilembanso, ndipo tsopano chikufunsa funso limodzi lokha, la udzudzu wa mtundu umodzi m'boma limodzi. Ulendo uno sanayang'ane kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti azindikira kuti kufufuza za malungo kukuchitika konkuno, monga ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome mu Blantyre, ndiponso m'mayunivesite a maiko ena a mu Africa. Pamene ndikulemba nkhaniyi mayankho sanafike. Kapena adzawatenga, kapena adzawakananso. Nditawafunsa ngati sakuopa, anandiyankha kuti, "Ndikuopa ndithu, mng'ono wanga, koma tsopano akandikana ndidziwa chofunsa."

Tsono mau anga otsiriza apite kwa magulu awiri. Kwa inu makolo, azakhali ndi amalume amene magazini ino idzafika m'manja mwanu pa tchuthi: mwana akalandira kalata yokana, musamuonjezere katundu ndi nkhani za ufiti kapena za mbuzi zimene zinagulitsidwa. Iye akuzikumbukira mbuzizo koposa inu. Mpatseni phala, khalani naye, ndipo mtima ukatsika mthandizeni kufufuza chifukwa.

Kwa inu anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, makamaka amene timakhalira limodzi m'labotale yathu ija yosowa zipangizo: posachedwa maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma adzatuluka, ndipo ena a ife, kapena ine ndemwe, sitidzaona maina athu. Amene adzalowe, tsiku lina adzafunsira digiri yachiwiri, ndipo ambiri adzalawa zimene analawa achemwali anga. Tsikulo likadzafika musadzabise kalatayo kunsi kwa mphasa. Mudzauze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Mudzafunse ngati mphako ili mwa inu, m'lamulo, kapena m'thumba la ndalama. Mukadzadziwa, mudzatenge mankhwala oyenera nthendayo, ndipo manja anu asadzatalikirane ndi ntchito.

Tsalani bwino, ndipo Mulungu atitsogolere tonse pa mayeso akudzawa.

Ndine mnzanu,
Mtsikana wa Fomu 4