Makina Ofufuzira Akatidziwa Kwambiri



Tikalemba funso pa Google, ambiri a ife timakhulupirira kuti yankho limene talandira ndi lomwelo limene wina aliyense angalandire. Sizili choncho nthawi zonse. Mu Disembala 2009, Google inayamba kusanja mayankho a munthu aliyense potengera zimene iye anafufuzapo kale. M'mwezi womwewo inayambanso kuonetsa mauthenga a pa Twitter akangolembedwa kumene, mpaka mgwirizano wawo utatha mu 2011. Mu 2012 inasakaniza mayankho ndi zolemba za abwenzi a pa Google+, tsamba limene linadzatsekedwa mu 2019.

Njira zimenezi zina zinafa, koma ganizo lake lakula. Lero achinyamata ambiri amafufuza pa TikTok, YouTube ndi Facebook, kumene makina amawerengera zimene taonera, nthawi imene tathera pa kanema ndi anthu amene timawatsatira. Kuchokera mu 2024, Google ndi ChatGPT zimafufuza n'kutipatsa yankho limodzi lophikaphika. Kutsogoloku yankho limenelo lidzasokedwa molingana ndi msinkhu wa wofunsayo, monga telala asokera malaya.

Ubwino wake sitiukana. Pa nthawi ya tsoka, monga namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, uthenga wofulumira wonena za msewu umene waduka kapena malo othawirako ukhoza kupulumutsa moyo. Koma makina amene amatisangalatsa nthawi zonse amatibisiranso zambiri. Eli Pariser anachenjeza za vutoli mu 2011 m'buku lake, The Filter Bubble. Nawo Apapa Francis, m'kalata yawo kwa achinyamata ya Christus Vivit mu 2019, anaona kuti masamba amenewa amakonda kusonkhanitsa anthu oganiza mofanana, ndipo m'magulu otsekeka oterowo mabodza ndi chidani zimafala msanga.

Tikumbukire fanizo la Msamariya wachifundo. Munthu uja wovulazidwa ndi achifwamba sanali m'bale wake, ngakhalenso bwenzi lake. Anamuthandiza chifukwa anamuona. Makina otsata zokonda zathu ndi za anzathu amatilambalalitsa mwaulemu, ndipo wovutika wa chipani china, wa mtundu wina kapena wa mpingo wina sitimuona n'komwe. Wansembe ndi Mlevi anachita kusankha kulambalala. Ife tikhoza kulambalala osadziwa. Chikumbumtima chimene chimamva mawu a mbali imodzi yokha chimafooka, ndipo chikafooka, voti yathu, chibwenzi chathu ndi chikhulupiriro chathu zimatsogozedwa ndi wina amene cholinga chake n'kugulitsa malonda.

Tsono tichitenji sabata ino? Tikalandira yankho, titsegule gwero lake, tione amene analemba ndi tsiku limene analemba. Nkhani yotentha tiyambe taigoneka tisanaitumize kwa ena. Tilowe m'makonzedwe a akaunti zathu, tione mbiri imene yasungidwa, ndipo tifufute zosafunika. Tiwerengeko mwadala munthu mmodzi waulemu amene sitigwirizana naye maganizo. Mafunso akuluakulu a moyo tipite nawo ku mphakati, kumene agogo, mlimi ndi mphunzitsi amatiyankha mosatinyengerera.

Carlo Acutis Woyera, inu amene munatumikira Ukaristia kudzera pa intaneti, mutipempherere.